Ndani analipira miyala yonseyi? Kuyankha mayi wa ku Newcastle

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba cha ku Newcastle. Dzina ndasunga. Akuti tsiku lina ali pa ofu mnzawo anawatengera ku Durham, ndipo atangolowa m'tchalitchi chachikulu cha kumeneko anangoti kakasi, kusowa chonena. Funso lawo ndalifupikitsa pang'ono, koma nali: "Achimwene, anthu amene anamanga zinthu zoterezi anali opemphera kwambiri kapena ankangodzionetsera? Ndalama zake ankazitenga kuti, poti akuti nthawi imeneyo anthu wamba anali amphawi? Nanga bwanji ziboliboli zina za pamanda n'zodukaduka, zopanda mitu ndi manja?"

Achemwali, zikomo polemba. Mwafunsa zitatu, koma mukakoka chimodzi zinazo zimabwera zokha, chifukwa ku England wakale pemphero, chuma ndi ulamuliro zinkadyera mbale imodzi. Tiyambire pomwe munaima paja.

Munaona kuti tchalitchicho sichili chokha. Pambali pake pali linga, zonse ziwiri pamwamba pa phiri, mtsinje wa Wear utazungulira pafupifupi mbali zonse. Amene anasankha kumanga choncho anali anthu amantha. Mu 1066 William wa ku Normandy anawoloka nyanja kuchokera ku France, nagonjetsa Angelezi ku Hastings, nadziveka ufumu. Akummwera anagonja msanga, koma akumpoto kwanuko anauma mutu. Mu 1069 anapha Robert de Comines, munthu amene William anamutuma kudzalamulira, pamodzi ndi asilikali ake mu Durham momwemo. William anabwezera mwankhanza zosaneneka. Anatentha midzi ndi nkhokwe, anapha ziweto, anthu osawerengeka nafa ndi njala. Mu 1072 anayamba kumanga linga lija. Koma mkwiyo sunathe, moti mu 1080 bishopu Walcher, amene anaikidwa ndi William, anaphedwa ku Gateshead, kutsidya kwa mtsinje kuchokera komwe mukukhala inuko. Ndiye pamene bishopu wotsatira, William wa ku St Calais, ankaika maziko a tchalitchi mu 1093, ankamanga pakati pa anthu amene ankadana naye, olankhula chilankhulo china.

Ine nditapitako koyamba ndinayesa kukumbatira chimodzi mwa zipilala zozungulira zija, zachibwana basi. Manja anga anangofika pa kota yake. Pamafunika akuluakulu anayi kugwirana manja kuti achizungulire. Mwala wake ndi wozizira ngati mtsuko wa madzi m'mawa wa mwezi wa June, ndipo mizere yokhotakhota imene amisiri anaigoba ndi yakuya moti chala chimalowa. Tsono taganizani mlimi wa nthawi imeneyo, wochokera m'kanyumba kamitengo kofolera ndi udzu, kodzaza utsi, ataima pansi pa denga la miyala yokhayokha lomwe silikugwa. Ankamva mantha a Mulungu, inde. Koma ankamvanso kuti alendowa sabwerera kwawo. Ku London uthenga unali womwewo: nsanja yoyera ya Tower of London anaikongoletsa ndi miyala yochokera ku Caen, kwawo kwa William, ngati kuti miyala ya ku England siyokwana.

Kuchenjera kwawo kunaonekera pa Cuthbert. Uyu anali bishopu wa ku Lindisfarne amene anamwalira mu 687, ndipo anthu akumpoto ankamukonda kuposa mfumu iliyonse. Amonke anayendayenda ndi bokosi lake zaka zoposa 100 pothawa ma Viking, ankhondo olanda ochokera kutsidya kwa nyanja, mpaka anafika nalo ku Durham mu 995. Obwera aja sanamunyoze ayi. Anagumula tchalitchi chimene Angelezi anamumangira, namanga chawo chachikulu, ndipo mu 1104 anasamutsira mtembo wake m'menemo. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna kukagwada pamanda a woyera wa makolo ake ankalowera pakhomo la atsamunda. Zopereka zake nazonso zinkatsalira momwemo.

Bishopu wa ku Durham sanali m'busa wamba. Anali ndi makhothi ake, ankasula ndalama zake, ankatha kusonkhanitsa asilikali kuti atchinge a ku Scotland, ndipo zina mwa mphamvuzi zinakhalapo mpaka 1836. Mukadzapitanso mudzayang'ane mpando wa bishopu cha kutsogolo. Thomas Hatfield, bishopu wa zaka za m'ma 1300, anaumanga pamwamba pa manda amene anadzikonzera yekha, wautali wokwera ndi masitepe, kuti aliyense wodzalowa m'malo mwake azikhala pamwamba pa chiliza chake. Pachitseko cha kumpoto pali nkhope yamkuwa yoopsa ngati ya chilombo, italuma mphete. Ili pachitsekoyo ndi yongofanizira, yeniyeni anaisunga mkati. Munthu wopalamula, ngakhale wopha mnzake, akathamanga n'kufika pamenepo, amonke ankamulowetsa n'kumusunga masiku 37, asilikali a mfumu osamukhudza. Akatha masikuwo ankasankha kukaweruzidwa kapena kuchoka m'dziko. Chifundo chinalipo pamenepo, koma mpingo unkauzanso mfumu pamene malire ake athera.

Za ndalama tsopano. Mpingo unali mwini malo wamkulu. Alimi ankalipira lendi pa minda ya bishopu ndi ya amonke, n'kuperekanso chakhumi cha zokolola, mofuna kapena mosafuna. Manda a oyera ankabweretsa ndalama zambiri. Thomas Becket, mkulu wa mabishopu ku Canterbury, ataphedwa m'tchalitchi mwake pa 29 December 1170 ndi asilikali anayi a mfumu Henry II, anthu anayamba kukhamukirako kuchokera ku Ulaya konse, ndipo manda ake anakutidwa ndi golide ndi miyala yamtengo wapatali. Koma chimene chinamanga matchalitchi ambiri, achemwali, musaseke, ndi nkhosa.

Ubweya wa nkhosa unali kwa England chimene fodya wakhala ali kwa ife. Ogula ankachokera ku Flanders ndi ku Italy, ena kulipiriratu ubweya wa zaka za m'tsogolo nkhosa zisanametedwe. Ku Fountains Abbey, pafupi ndi Ripon, amonke 13 anathawirako mu 1132 kuchokera ku York chifukwa ankafuna moyo waumphawi ndi wachete. Anayamba kuweta nkhosa kuti azidzidalira, ndipo patapita zaka nyumba yawo inali pakati pa zolemera kwambiri m'dziko lonse. Umphawi anaufunafuna koma unawathawa. Mpaka lero wotsogolera zokambirana ku House of Lords, chipinda chimodzi cha Nyumba ya Malamulo, amakhala pa mtsamiro waukulu wofiira wodzaza ubweya, mwambo wokumbutsa kumene chuma cha ufumu chinachokera.

Kamudzi ka Northleach, ku Cotswolds, n'kakang'ono, koma tchalitchi chake mungayese cha mumzinda. Ndinakafikako tsiku lamvula, m'katimo muli mayi mmodzi yekha akukonza maluwa. Pansi pali zithunzi zamkuwa za amalonda amene anaikidwa momwemo. Ndinagwada kuti ndione bwino cha John Fortey, amene anamwalira mu 1458 atalipira zokweza denga ndi kuika mawindo aakulu am'mwamba. Manja wawaphatikiza mopemphera, nkhope yodekha. Mukatsitsa maso kumapazi, phazi lina laponda nkhosa, lina laponda belo la ubweya. Sanabise. Anafuna kuti Mulungu ndi anansi adziwe bizinesi imene inamanga nyumbayo.

Apa ndi pamene funso lanu loyamba limavuta, loti ankapempheradi kapena ankadzionetsera. Ine ndimati zonse ziwiri, munthu yemweyo, tsiku lomwelo. Anthu aja ankakhulupirira ndi mtima wonse za puligatoliyo, malo amene mzimu umayeretsedwa ndi ululu usanalowe kumwamba, ndipo ankakhulupirira kuti mapemphero a amoyo amafupikitsa nthawiyo. Wamalonda amene ankadziwa bwino mmene anapezera phindu lake anali ndi chifukwa chokwanira chochitira mantha. Choncho ankamanga kachipinda kake m'tchalitchi, n'kusiya ndalama zolipira wansembe woti azichita Misa ya mzimu wake mpaka kalekale. Ku Long Melford, m'chigawo cha Suffolk, mayina a opereka anawalemba pakhoma lakunja ndi zilembo zikuluzikulu, kupempha odutsa kuti apempherere mizimu yawo. Amene munakhalapo pa Pepa Sande kwathu, mlendo wolemekezeka akuwerengedwa dzina ndi ndalama zake pa maikolofoni, anthu n'kumaomba m'manja, simungadabwe kwambiri. Sitinganene kuti bamboyo sakhulupirira Mulungu. Sitinganenenso kuti akanapereka zomwezo mu envelopu yopanda dzina.

Ndiponso pali zina zimene kudzionetsera sikungafotokoze. Amisiri ankasema maluwa ndi nkhope pamwamba penipeni pa denga, pamalo poti munthu woima pansi sangaone. Durham inatenga zaka 40, ndipo bishopu amene anaiyamba anamwalira patangopita zaka zitatu. Ine ndikaona zimenezo sindithamangira kuweruza.

Anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, Misa inali m'Chilatini, ndiye ulaliki weniweni unali pamakoma ndi m'magalasi. Makoma amene mukuwaona otuwa lero anali opakidwa zithunzi zamitundumitundu. Pamwamba, poyang'anizana ndi mpingo, kawirikawiri pankakhala chithunzi cha tsiku lachiweruzo. Ku Wenhaston, ku Suffolk konko, chilipo china chimene chinapulumuka mwangozi. Chinali pamatabwa opakidwa laimu kwa zaka mazana. Mu 1892 pokonza tchalitchi anatulutsa matabwawo n'kuwasiya panja, usiku mvula inagwa, kutacha anapeza nkhope zikusuzumira. Mbali ina ziwanda zikukokera anthu m'kamwa mwa chinsomba cha gehena. Mbali ina Petulo akulandira anthu anayi ali mbulanda, koma kumutu avala: wina chisoti cha mfumu, wina cha mfumukazi, wina cha bishopu, wina cha kadinala. Ngakhale pakhomo lakumwamba wojambula anawasungira malo akutsogolo.

Laimu ameneyo ndi mitu yoduka ija ndi nkhani imodzi. Henry VIII atakangana ndi Papa pa za ukwati wake, mu 1534 anadzilengeza mutu wa mpingo ku England. Pakati pa 1536 ndi 1540 anatseka nyumba za amonke ndi masisitere zoposa 800, natenga minda, mabelu, ngakhale mtovu wa padenga. Fountains inatsekedwa mu 1539, n'chifukwa chake lero ndi makoma okhaokha. Manda a Becket anawaphwasula mu 1538, golide yense n'kupita kwa mfumu, ndipo pamalopo tsopano pamangoyaka kandulo. Munthu amene anatsutsa mfumu n'kusanduka woyera sakanasiyidwa. Mu ulamuliro wa mwana wake, Edward VI, kunabwera lamulo lochotsa zifaniziro monga mafano. Ophwanya ankalimbana kwambiri ndi nkhope ndi manja, poti ndi zimene wopemphera ankayang'ana ndi kupsompsona. Ku Ely kuli chipinda cha Maria chozunguliridwa ndi tiziboliboli tambirimbiri, pafupifupi tonse topanda mitu. Ku Durham kwanuko, kuseri kwa guwa kuli khoma lamiyala lokongola lokhala ndi timapanga topanda kanthu, ndipo munali ziboliboli 107. M'matchalitchi ambiri, pamene panali mtanda wokhala ndi Yesu anapachikapo chizindikiro cha mfumu. Patapita zaka 100, pa nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa mfumu ndi Nyumba ya Malamulo, kunabweranso ena odzamaliza zotsala. William Dowsing anayenda m'matchalitchi a ku Suffolk ndi Cambridgeshire mu 1643 ndi 1644, akulemba tsiku ndi tsiku kuchuluka kwa zithunzi zimene waswa, ngati kalaliki wa pa sikelo.

Koma manda odukaduka amene munaona inuwo mwina ndi a banja la Neville, ndipo amenewo ali ndi nkhani yawoyawo. Mu 1650 Oliver Cromwell, mtsogoleri wa asilikali a Nyumba ya Malamulo, atagonjetsa a ku Scotland ku Dunbar, anatsekera akaidi pafupifupi 3,000 m'tchalitchi chomwecho. Kuzizira kunali koopsa, anasonkhera moto mipando ndi matabwa onse amene anapeza, ndipo oposa 1,500 anafa ndi matenda ndi njala. Anthu a ku Durham amanena kuti ndi akaidiwo amene anaswa mandawo, pobwezera kuti a Neville anatsogolera nkhondo yogonjetsa makolo awo mu 1346. Mafupa a ena mwa akaidiwo anapezeka mu 2013 pokumba maziko pafupi pomwepo.

Minda ya amonke itagulitsidwa kwa anthu oyandikana ndi mfumu, ndalama zinasiya kupita kumatchalitchi n'kuyamba kumanga nyumba za anthu. Mukamva nyumba ya banja ikutchedwa Woburn Abbey kapena Newstead Abbey, dziwani kuti poyamba panali amonke. Puligatoliyo itachotsedwa m'chiphunzitso, wolemera analibenso chifukwa cholembera dzina lake pakhoma la tchalitchi, ndiye anakalilemba padenga la kwake. Sindikukokomeza. Ku Hardwick Hall, ku Derbyshire, mayi wina wotchuka ndi dzina loti Bess, amene anakwatiwa kanayi n'kumalemererabe ukwati uliwonse, anamanga nyumba pakati pa 1590 ndi 1597, ndipo pamwamba pa nsanja zake anaimika zilembo zamiyala E ndi S, za dzina lake Elizabeth Shrewsbury, zooneka patali. Galasi linali lodula kwambiri, iye anadzaza makoma ndi mawindo, ndipo mawindowo amanka natalika mukamakwera, chifukwa antchito anali pansi, alendo olemekezeka pamwamba. Pambuyo pake boma linazindikira kuti windo ndi chuma, moti kuyambira 1696 mpaka 1851 kunali msonkho wa mawindo. Ena mwa mawindo otsekedwa ndi njerwa amene mumawaona m'nyumba zakale anatsekedwa pothawa msonkhowo.

Kumanga mopitirira kunali ndi ngozi yake. Kadinala Wolsey, nduna yaikulu ya mfumu, anamanga Hampton Court mokongola kuposa nyumba za mfumu, Henry VIII anaisirira, ndipo pofika 1529 nyumba inali ya Henry, Wolsey atagwa. Mafumu nawonso ankalemba ntchito ojambula kuti awakuze. Henry amene aliyense amamudziwa, woima motangadza, mapewa ngati chitseko, anapangidwa ndi Hans Holbein mu 1537. Charles I analipira Rubens mapaundi 3,000 kuti ajambule kudenga kwa Banqueting House ku London, kuonetsa bambo ake James I akunyamulidwa kupita kumwamba, kutanthauza kuti ufumu ndi wochokera kwa Mulungu ndipo Nyumba ya Malamulo isalowererepo. Pa 30 January 1649, atagonja kwa Nyumba ya Malamulo, Charlesyo anamudutsitsa pansi pa denga lomwelo, n'kumutulutsira pa nsanja yamatabwa panja, pamene anamudula mutu ndi nkhwangwa.

Chithunzi chimene ine ndimachikonda chili ku National Gallery, nyumba yoonetsera zithunzi ku London, kolowa ulere. Thomas Gainsborough anajambula bambo ndi mayi Andrews cha m'ma 1750. Awiriwo anawakankhira kumanzere, bambo ali ndi mfuti ndi galu, mayi ali pabenchi ndi diresi yabuluu yosayenera kumunda. Malo onse otsala ndi minda yawo, mitolo ya tirigu itamangidwa bwinobwino, nkhosa patali. Amene anamweta ndi kumanga mitoloyo mulibemo ngakhale mmodzi. Eni nyumba ena anachita zomwezo pa nthaka yeniyeni: ku Milton Abbas ndi ku Nuneham Courtenay anagumula midzi yathunthu n'kuisamutsa, kuti poyang'ana pawindo aziona kapinga ndi nyanja yokumba basi.

Pali nyumba ina imene ndikufuna mukaione ndi maso anu, Harewood House, pafupi ndi Leeds. Edwin Lascelles anaimanga pakati pa 1759 ndi 1771. Zam'kati anakonza Robert Adam, mipando Thomas Chippendale, munda Capability Brown, akatswiri okhaokha a nthawiyo. N'kokongola, sindikana. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chuma cha banjali chinachokera ku nzimbe za ku Barbados ndi zilumba zina za Caribbean, zolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Ukapolo utathetsedwa ndi lamulo la 1833, boma linapereka chipukuta misozi cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, akapolowo osalandira kanthu, ndipo banja la Lascelles linalandira zoposa mapaundi 26,000 pa anthu oposa 1,200. Ngongole imene boma linatenga polipira zimenezi inamalizidwa kubwezedwa mu 2015. Oyang'anira Harewood masiku ano amaifotokoza mbiriyi poyera, ndipo pa chimenecho ndimawapatsa ulemu, chifukwa kwa zaka zambiri alendo ankangouzidwa za mipando.

Mwina mukuti zonsezi ndi za eni ake. Pang'ono zimatikhudza. Yunivesite ya Durham, imene lero ikugwiritsa ntchito linga la mabishopu lija ngati malo ogona ophunzira, inali imodzi mwa zimene zinayambitsa mishoni ya Anglican ya UMCA, pamodzi ndi Oxford, Cambridge ndi Dublin. Mishoni imeneyo ndiyo inayamba kumanga St Peter's pa Likoma mu 1903, tchalitchi chachikulu ngati cha mumzinda wa ku England pa chilumba chaching'ono, manja omanga ali a anthu akomweko. Ndipo atsamunda ankadziwa bwino zimene nyumba imalankhula. John Chilembwe atamanga tchalitchi chake chanjerwa ku Mbombwe, chomangidwa ndi anthu akuda popanda mzungu wowalamula, asilikali anachiphulitsa mu 1915 pa nthawi ya kuukira kuja. Mu September 2022 chiboliboli cha Chilembwe chopangidwa ndi Mmalawi Samson Kambalu chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London, pakati pa mafumu ndi akazembe ankhondo. Anachitengera pa chithunzi cha 1914 chojambulidwa potsegulira tchalitchi chomwecho. Chilembwe ndi wamtali kuposa mmishonale John Chorley amene waima naye, ndipo chipewa sanavule, chinthu chimene munthu wakuda sankaloledwa kuchita pamaso pa mzungu. Chinakhalapo mpaka 2024. Ndinakachiona kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinapeza bambo wina wakwathu akufotokozera ana ake m'Chichewa, iwo akuyankha m'Chingelezi.

Ofu yanu ikadzatalikirapo, basi nambala 36 yochokera ku Leeds imaima pa Harewood n'kupitirira mpaka ku Ripon, kufupi ndi Fountains. Koma yambani mwabwerera ku Durham, ndi mphindi zochepa chabe pa sitima, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukalowa, musathamangire kuyang'ana kumwamba. Yang'anani pansi cha kumbuyo, pafupi ndi pobatizira. Pali mzere wa mwala wakuda wodutsa kuchokera mbali ina kufika ina. Nthawi ya amonke, akazi ankalekezera pamenepo, ankati Cuthbert safuna akazi pafupi ndi manda ake. Ulendo wapitawu munaudumpha osadziwa.